Lipenga la Mailesi m'manja mwa atate ake

Pa msika wa ku Chadiza, kuseri kwa amayi ogulitsa tomato, pali mtengo wa msikidzi, ndipo patsinde pake a Bonifasi Mbewe akhala akukonza njinga kwa zaka makumi atatu. Njinga imene yawakanika iwowa, ingokaitayani kudzala. A ku Mlolo amatero, a ku Pembamoyo amateronso, ndipo eni akewo satsutsa, pakuti kudzichepetsa si matenda awo. Anali ndi lamulo limodzi limene aliyense woimika njinga pamenepo analimva mpaka kutopa nalo: chinthu chopita ulendo wautali chisanyamuke chisanaone sipanala. Iwe ubwere ndi tayala lophwa basi, iwo amange mabuleki, akoke masipoko, athire oilo m'tcheni, uli chilili padzuwa, kumene ukupita akukudikira.

Koma nkhani ino si ya njinga. Ndi ya mwana wawo wamkazi, Mailesi, amene mwina munamumvapo pa wailesi akuliza lipenga lotchedwa sakisofoni, ndiponso ya zimene manja a atate ake anamchitira, zabwino ndi zinazo.

Mailesi ali giredi 5, a kuparishi anaitana a Bonifasi kuti akaone njinga zakufa za makatekisiti zimene zinaunjikana m'sitolo. Pansi pa mulu wa mafelemu anapeza chilipenga chokhota, chobiriwira ndi ukalamba, chimene wansembe wina anasiya kalekale pobwerera kwawo. Tizikopa tonse totseka mabowo ake mphemvu zinali zitadya. Akatekisiti anati atenge, mwina akapangire fanulo yothirira palafini.

Anapita nacho kunyumba ku Mlolo n'kulimbana nacho chilimwe chonse. Panalibe wowauza kanthu. Anangoona okha kuti bowo lililonse liyenera kutsekeka osatulutsa mpweya, ndipo za mpweya wothawa ndani akanawaposa? Anadula timagawo ta chubu cha njinga n'kumata pansi pa tizivundikiro. Tiwaya tobweza mabatani anatipanga ndi waya wa buleki. Kabango ka pakamwa anakasema ndi lumo kuchokera ku bango la kudambo. Tsiku limene anauzira lipengalo koyamba, agalu anathawira kuseri kwa nkhokwe.

"Atate ake Mailesi," anatero akazi awo, a Agnesi, "chinthucho mukalizire kumanda. Nkhuku zanga zisiya kuikira."

Amene analitola ndi Mailesi. Sabata isanathe anali atatulutsamo nyimbo ya chopereka, yonse, yomveka, mpaka amayi ake omwe aja anaima ndi lichero m'manja.

Lipengalo linali louma mtima. Mabatani ake ankafuna mphamvu, moti mwanayo anamera zikang'a kunsonga za zala asanazimere ndi khasu. Loweruka lililonse atate ake ankalitenga, kumanga apa, kumata apo, kuthira kadontho ka oilo, n'kumubwezera. Anthu sanalephere kuyankhula. Mwana wamkazi wotupitsa masaya pagulu adzakwatiwa ndi yani? Atsibweni ake, a Wadson a ku Pembamoyo, eni mbumba, anati mwanayo aphunzire unamwino, zamalipenga asiyire asilikali. A Bonifasi ndi mkamwini, ndipo mkamwini pa nkhani ya mbumba ya eni amayang'ana pansi. Anayang'anadi pansi, koma Lamulungu lililonse ankamukweza mwanayo pa kaliyala kupita naye ku boma kukaimba ndi kwaya.

Nyimbo za jazi Mailesi anakumana nazo ku sekondale, pa foni ya mphunzitsi wina. Atabwera ku holide anayesa kuwafotokozera atate ake.

"Atate, mumayamba nyimbo ndi anzanu panjira imodzi. Kenako inu mumapatuka, kulowa m'thengo, kuyenda mmene mtima wafunira, koma n'kudzatulukira pomwe anzanu afika."

"Kumeneko kwathu kuno timati kuledzera," anatero a Bonifasi. Koma anakhala pansi n'kumvera mpaka mwanayo anatopa yekha.

Atamaliza giredi 12 anapita ku Chipata, kumene ankaimba m'maukwati ndi gulu lina. Patatha zaka ziwiri anapeza malo pa sukulu ya zoimbaimba ku Lusaka. Kumeneko anzake ataona chubu cha njinga pansi pa mabatani anaseka mpaka kugwira nthiti. Anasiya kuseka atauzira. Mawu ake anali okhuthala, osasa pang'ono, ngati a mayi amene walira maliro masiku awiri, ndipo panalibe wina m'kalasimo amene akanawatulutsa. Anayamba kuimba masana a Lamulungu pa malo ena odyera, anthu n'kumabwerera iyeyo osati chakudya. Anajambula nyimbo zisanu ndi imodzi, zopeka yekha. Wailesi itayamba kuziika, a Bonifasi ankakhazika kawailesi kawo pa chishalo cha njinga ya kasitomala, ntchito n'kuima mpaka nyimbo ithe. Tsiku lina mtolankhani anamufunsa Mailesi amene anamuphunzitsa, iye n'kuyankha kuti mphunzitsi wake woyamba ndi wokonza njinga wa ku Chadiza. Mawu amenewo msika wonse unawaloweza, chifukwa a Bonifasi sanalole munthu kudutsa asanawamve.

Ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu Mailesi anapambana mpikisano wa oimba achinyamata. Mphoto yake inali sakisofoni yatsopano, komanso ulendo wa ku Joni, ku chikondwerero cha jazi kumene gulu lina lalikulu linkafuna kusankhako woimba mmodzi woti liyende naye maiko a kutsidya kwa nyanja. Lipenga lakale lija analipereka kwa ana amene ankawaphunzitsa Loweruka mu komboni ina ya ku Lusaka.

A Bonifasi anakondwa, ndithu anakondwa. Koma tisabise, panali kanthu kankawadya mumtima. Zaka zonsezi mwanayo akabwera kumudzi ankayamba wawapatsa lipenga kuti alione, ndipo pamenepo ndi pamene iwo ankadziwa kuti ndi atate a munthu. Ndalama zoti amutumizire analibe, Chingerezi cha anthu ake atsopanowo sankachimva, mawu pa mbumba analibe. Anali ndi manja okha. Ndipo tsopano ankaopa kuti manjawo ntchito yawo pa moyo wa Mailesi yatha.

Mailesi anafika Lachisanu lina m'mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi, kudzatsazika. Ndege inali ya Lachitatu. Atate ake anali atalengeza kale ku tchalitchi chawo cha ku Mlolo kuti Lamulungu mapemphero akatha mwana adzaimba, aliyense abwere ndi mpando wake.

Madzulowo alendo anachuluka, moti Mailesi sanaimbe. Anangotsegula bokosi kuti atate ake aone. A Bonifasi anasamba m'manja ndi sopo kawiri asanaligwire. Linali lonyezimira, loti munthu n'kudziona nkhope. Anadina batani limodzi, linangogwa lokha chala chisanalimbe. Anadina lina, chimodzimodzi. Anagwedeza kachitsulo kena kakumtunda, kanasewera.

"Nambewe, amakumangira ndani limeneli?"

"Kuli munthu wake ku Lusaka, atate. Koma silivuta ayi."

Munthu wake. Anabweza lipengalo m'bokosi.

Loweruka m'mawa Mailesi ndi amayi ake ananyamuka kupita ku Pembamoyo, pakuti mwana sangawoloke malire asanagwade kwa atsibweni ake. Mkamwini ku zoterozo safunika. Potuluka Mailesi anaika bokosi pabedi.

"Atate, mundisungire."

Tsiku limenelo a Bonifasi sanapite ku msika. Anasesa pakhonde, anakhala, anaimirira, anakaona mbuzi, anabwerera. Maganizo anali pa mabatani ogwa okha aja. Chinthu chofooka chonchi chikwere minibasi ya ku Chipata, chikwere basi ya ku Lusaka, chikwere ndege, n'kukafika chili bwino? Munthu wake wa ku Lusakayo anayendapo msewu wa ku Chadiza? Njinga ya munthu wosamudziwa sangailole kupita ku Katete ili lendelende chotero, nanga lipenga la mwana wawo? Dzuwa lisanafike pamutu anali atayala chiguduli pakhonde, zipangizo zili pambali.

Anati angomanga tizomangira basi. Anamanga tonse, kamodzikamodzi, mpaka kalikonse kanaleka kusewera. Atadina, mabatani ena anatsika osabwerera. Anati vuto ndi tiwaya tofooka, choncho anatenga pulaya n'kutipinda kuti tilimbe. Tiwiri tinathyoka, iwo n'kuikapo waya wa buleki monga kale. Mabatani anaumabe. Anathira oilo, wakuda yemwe uja wa m'tcheni, ndipo oiloyo anayenderera n'kunyowetsa tizikopa. Kachikopa kena atakapukuta kanang'ambika. Sanade nkhawa, chubu chinalipo, guluu analipo. Pokanikiza kachivundikiro kuti chubucho chigwire, kamtengo kachitsulo kogwira batani kanazuka pathupi la lipenga n'kugwera pa chiguduli.

Apa ndiye thukuta linayamba. Munthu wina akanaima pomwepo, koma a Bonifasi sanasiyepo ntchito pakati chibadwire. Anakoleza mbaula, anaika chitsulo chowotcherera pamoto, anasungunula mtovu. Kamtengo kanagwira, mopendekeka pang'ono. Koma pozungulira pake kunyezimira konse kunapsa, panatsala chibanga chakuda chachikulu ngati chikhatho cha mwana. Anachipala ndi sandipepa. Kuda kunachoka, n'kutsala mikwingwirima yotuwa.

Analipukuta bwinobwino n'kulibwezera m'bokosi. Anadziuza kuti kukongola sikuimba, chachikulu n'chakuti tsopano lalimba.

Mailesi ndi amayi ake anabwera dzuwa litapendeka, atanyamula nkhuku ndi kathumba ka mtedza, mphatso za atsibweni. Mailesi anali akuseka, akuti a Wadson amene ankakana aja lero akudzitcha mwini wa luso lonse. A Bonifasi anadikira kuti amwe madzi.

"Nambewe, lipenga lako lija ndaliona. Linali lofooka. Panavuta pang'ono penapake, koma ndakonza."

Mailesi anaika kapu pansi. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi bokosi, anagwada pamphasa n'kutsegula. Anayang'ana nthawi yaitali. Anayendetsa chala pa chibanga chija, anakhudza chubu, ananunkhiza chala chake. Kenako analumikiza lipenga, anaika kabango, anauzira. Munangotuluka mpweya. Anauziranso mwamphamvu, liwu linamveka kamodzi, lonyansa, n'kuzima. Anayesa mabatani onse kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Theka la iwo silinasunthe.

A Agnesi anagwira pakamwa. "Mayo ine! Atate ake Mailesi, mwachita chiyani?"

"Mawa m'mawa ndimasula pang'ono," anatero a Bonifasi. "Ndamangitsa chabe. Ndipatse, mama, ndione."

Anatambasula dzanja. Mailesi sanawapatse. Sanakuwe, sanafunse chifukwa, pakuti mwana woleredwa bwino sakweza mawu kwa atate ake, ndipo amene anamulera bwino chotero ndi iwo omwe. Anamasula lipenga, analigoneka m'bokosi, anatseka.

"Ndamva, atate. Munafuna kundithandiza."

Anapita kuseri kwa nkhokwe. Kulira kwake kunkamveka pang'onopang'ono, kwa munthu amene waluma chitenje kuti asamveke. A Bonifasi anakhala pakhonde pomwepo, mbaula ikuzirala pambali pawo, ndipo kwa nthawi yoyamba anayang'ana manja awo n'kuwada.

M'mawa wa Lamulungu anamukweza pa kaliyala kupita naye ku boma kuti akapeze minibasi yoyamba, mwina munthu wa ku Lusaka uja achitepo kanthu Lachitatu lisanafike. Bokosi analifungatira pamiyendo. Njira yonse anangoyankhulana za mphepo. Atabwerera anapeza tchalitchi chadzaza, ena atachokera kutali ndi mipando pamutu. Mapemphero atatha anaimirira, munthu amene sanavomerepo kuti njinga yamukanika.

"Abale, mwana wapita, saimba. Lipenga lake ndaononga ndine, ndi manja angawa. Pepani."

Anthu anabalalika mwakachetechete ngati achoka pamaliro. Panalibe amene anaseka, ngakhale aja okonda kuseka.

Madzi akatayika saoleka. Munthu wa ku Lusaka uja atatsegula bokosi anangopukusa mutu, nati ntchito imeneyo ndi ya miyezi, ndipo zipangizo zake n'zoitanitsa kunja. Mailesi anabwereka sakisofoni kwa mnzake wa m'bandi ya asilikali n'kukwera ndege. Anaimba, osati moipa. Koma lipenga lobwereka ndi nsapato ya mwini, ndipo masiku awiri sakwana kuti pakamwa ndi zala zizolowere. Gulu lalikulu lija linasankha mnyamata wa dziko lina.

Kwa atate ake pa foni anangoti, "Zinayenda bwino, atate." Zoona zake a Bonifasi anazimva ali kuseri kwa chitseko, akazi awo akutonthoza mwana pa foni yomweyo.

Chimene chinawapweteka koposa n'chakuti nkhaniyo Mailesi sanaitchulenso. Akanawakalipira, akanawanena kuti ndi nkhalamba yosamva, bwenzi atapepesa, chilonda n'kuphulika, n'kupola. Koma mwanayo anapitiriza ulemu wake wonse. Ankaimba foni Lamulungu lililonse, kufunsa za msana wawo ndi za mbuzi. Anawatumizira jekete la mphepo. Za kuimba ankauza amayi ake.

Ndipo kuimbako sikunaime. Anayambitsa gulu lakelake la anthu anayi. Anajambula chimbale chachiwiri, chimene odziwa anati chaposa choyamba. Anakaimba ku Lilongwe ndi ku Harare, ndipo ana ake a mu komboni aja anafika makumi awiri. Kutsidya kwa nyanja sanapitebe mpaka lero. Ena amati mwayi wotere umabweranso, ena amati umagogoda kamodzi. A Bonifasi akamva anthu akutsutsana zimenezi pa msika amawerama n'kumafufuza kabowo pa chubu m'beseni la madzi. Masiku ano ukabwera ndi tayala lophwa amamata tayalalo n'kukupatsa njinga yako. Anthu amati akalamba.

Kwa zaka ziwiri Mailesi anabwera kumudzi kamodzi kokha, pa maliro a atsibweni ake, ali chimanjamanja. Chaka chino, anthu atakolola, anali ndi zoimba ku Chipata, ndipo anati adutse adzagone masiku awiri. Anatsika minibasi ndi bokosi kumsana, lija lomwe, la zipi ziwiri. Lipenga linali litakonzedwa.

A Bonifasi sanapemphe kuliona. Anangokhala pakhonde n'kumayang'ana. Mwanayo pokhala pamphasa, bokosi linali pansi pa mawondo ake. Popita kukalonjera anthu a nyumba yoyandikana, anapita nalo. Amayi ake anamuikira madzi osamba, iye n'kumazengereza, kucheza nkhani zosatha, mpaka madzi anazizira. Atawatenthetsanso, Mailesi ananyamula bokosi n'kukaliika m'khitchini, mu utsi, pafupi ndi mwendo wa amayi ake, n'kunong'ona kanthu. Potuluka maso ake anakumana ndi a atate ake, ndipo onse awiri anayang'ana kumbali.

Sankachita mwachipongwe, a Bonifasi anaona zimenezo. Mwanayo ankachita manyazi ndi mantha akewo, koma kuwaleka sankatha. Ndiye kuti masiku awiri onsewo, m'nyumba imene anabadwira, akhala ngati mlonda.

A Bonifasi anatulutsa njinga n'kupalasa kupita ku boma. Analowa m'sitolo ya zitsulo, anasankha loko wamng'ono wamkuwa, anamuyesa katatu kutseka ndi kutsegula. Pobwerera anapalasa pang'onopang'ono. Njira yonse ankadziuza zimene mwanayo adzanene. Adzati, ayi atate, zimenezi n'zachiyani? Adzaseka, mwina adzalira, n'kuwabwezera lokoyo kuti akatsekere khola la mbuzi. Kapena adzalandira, koma n'kuchotsa kiyi mmodzi n'kuwapatsa kuti asunge.

Anamupeza atakhala pamphasa akusenda mtedza ndi amayi ake, bokosi lili pambali pake. Anakhala pa mpando wawo n'kumuitana.

"Nambewe, bwera nalo kuno bokosilo. Usaope, sinditsegula."

Anabwera nalo, anagwada. A Bonifasi anakumanitsa zipi ziwiri zija, analowetsa loko, anatseka. Kabowo anali atakaphonya kawiri. Kenako anatambasula chikhatho, makiyi awiri ali pa kawaya kamodzi.

"Kwanu kuno, mama. Uziyenda momasuka, uzisamba madzi akadali otentha."

Mailesi anayang'ana makiyiwo, anayang'ana atate ake. Misozi inatsika mbali zonse ziwiri, osaipukuta. A Agnesi anasiya kusenda. A Bonifasi anadikira, chikhatho chili chotambasula.

Mwanayo anaomba m'manja mwaulemu, analandira ndi manja awiri.

"Zikomo, atate."

Anamanga makiyi onse awiri pa mfundo ya chitenje chake.